Nduna Ikapanda Kuyenda, Aidula Ikhale Ngolo

Aphungu,

Ndine mayi wamasiye wa zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo ndikukulemberani za galimoto. Musaseke. Ndikudziwa kuti anzanga amakulemberani za amuna oyendayenda ndi apongozi olongolola, koma ine chondisowetsa mtendere chili ndi matayala anayi, chaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yanga.

Nkhondo itafika kuno ku Nsadzo tidathawira ku Zambia, ine ndi amuna anga a Goodwell. Kumeneko iwo adapeza ntchito yoyendetsa mkulu wina wamasitolo ku Katete, ndipo adamuyendetsa zaka zisanu ndi ziwiri osagunda ngakhale nkhuku. Mtendere utabwera, a Goodwell atapita kukatsanzika, bwanayo adati, "Tenga galimotoyi ukafikire nayo kwanu. Yakalamba ngati ine, koma iwe ndiye umaudziwa mtima wake." Ndi galimoto yaitali, yakuda, ya dizilo, ya mipando yachikopa, ndipo kutsogolo pamene pali mawotchi adaikapo matabwa onyezimira. Nthawi imeneyo n'kuti itakwanitsa kale zaka makumi awiri.

Anzathu adabwerera pa malole atakhalira mitolo. Ife tidalowa pa chipata cha malire cha Cassacatiza mu 1994 tili m'galimoto imeneyi, mapoto ndi makasu m'buti, mphasa titamangirira pamwamba. Msilikali wa pachipata adaimirira njo n'kutipatsa ulemu wachisilikali poyesa kuti mwakwera nduna, kenaka adasuzumira pazenera n'kuona nkhuku zitatu pamiyendo panga. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake ndi Nduna, ndipo mudzi wonse umaitchula choncho.

A Goodwell ankaisamala kuposa mmene ankadzisamalira okha. M'mawa uliwonse ankatsegula boneti, kusolola kachitsulo koyezera oyilo, kukapukuta, kukabweza, kenaka n'kuima kumvetsera injini mutu atapendeketsa. Munthu sankakwera asanasase fumbi kumapazi, ngakhale apadiri, ansembe athu. Koma sankaumira nayo. Idanyamula akwati kupita kutchalitchi, ndipo idathamangira kuchipatala ndi amayi anayi apakati. Mmodzi wa iwo, Ermelinda, mwana adagona chopingasa m'mimba, ndipo anamwino adati akadabwera pa machira akadataya onse awiri.

Kuyendetsa adandiphunzitsa ndi iwo, pabwalo la mpira ku Katete. Anali munthu wamtali, ine ndine wamfupi, ndiye tikamasinthana ankakokera mpando kutsogolo mpaka mapazi anga afike, uku akundiseka kuti, "Mayi, Mulungu adakumanani miyendo n'kukupatsani pakamwa." Ndidaphunzira ndithu, ngakhale kubwerera m'mbuyo.

Adatisiya mu Okutobala chaka chatha ndi matenda a m'chifuwa. Ulendo womaliza wochokera kuchipatala adakana kuti ndiyendetse ine. Adafika nayo okha pansi pa mango, n'kuzimitsa. Patapita masiku anayi adamwalira. Pamene adaisiyapo ndi pomwe ilipo mpaka lero.

Vuto lidayamba ndi mwambo. Mukudziwa kuti kwathu kuno katundu wa malemu sagwiritsidwa ntchito mpaka tsiku lometa kachiwiri, pamene amasudzula wamasiye n'kugawa zinthu. Jekete, nsapato, chipewa ndi lumo la a Goodwell adazimanga mtolo umodzi, ndipo mtolowo uli kudenga m'nyumba ya atsibweni awo, a Fernando. Makiyi a Nduna adali m'thumba la jeketelo. Nditawapempha maliro atatha, a Fernando adati, "Mwana wanga, za malemu zidikire mzimu ugone. Chimene chamangidwa chamangidwa." Ndiye miyezi isanu ndi inayi yapita injini osalira.

Ine sindinaitaye ayi. Zitseko sizidakhomedwe, choncho ndakhala ndikuisamala mmene ndingathere. Ndidaifunditsa tenti yabuluu ija tidalandira kumsasa wa othawa nkhondo, n'kupsinja m'mbali ndi miyala kuti mphepo isalowe, ndipo dzinja lonse idakhala yofunda. Loweruka lililonse ndimaitsuka. Mipando itayamba kung'aluka ndidaipaka mafuta ophikira kuti ifewe. Madzi akachepa mu ladiyeta ndimawonjezera a kudambo. Pofuna kuti isangokhala yopanda ntchito, ndidasungamo mbewu yanga ya chimanga ndi mtedza, m'buti ndi pampando wakumbuyo, chifukwa nkhokwe yathu mbuzi zimaboola. Koma tsopano ndikatsegula chitseko mumatuluka fungo la chuku, pansi pali zitosi za makoswe, ndipo matayala awiri aphwa. Mtima wanga ukundiuza kuti pali pamene ndalakwitsa, koma sindikudziwa kuti ndi pati.

Lamulungu lapitali titatuluka ku Misa, abale adakumana kukonzekera zometa. Mng'ono wa a Goodwell, a Boston, amene adathawira ku Malawi n'kubwerako ndi ng'ombe ziwiri zapagoli, adaimirira nati, "Alamu, tisanamizane, chimenechi tsopano n'chitsulo chabe. Tichotse ekiselo yakumbuyo ndi matayala ake tipange ngolo, zotsalazo nkhuku zizigonamo. Azimayi atha makosi ndi kusenza chimanga."

Ndidayankha kuti Nduna ikadali yamoyo ndipo ndiiyendetsa ine. Anthu adaseka, ena mpaka kugwirana. A Fernando adawakhalitsa chete n'kugamula kuti, "Tsiku lometa timasula mtolo, makiyi tipereka kwa inu. Ikalira, inu nomwe n'kuiyendetsa kukafika patchalitchi n'kubwera nayo, ndi yanu. Ikakana, Boston adule." Tsikulo ndi Loweruka lomaliza la Ogasiti. Kwatsala milungu isanu ndi umodzi.

Aphungu, a Boston sindidana nawo. Zimene akunena za makosi a azimayi n'zoona, langanso limawawa. Koma ngolo siikadafika ndi Ermelinda kuchipatala. Galimoto iyi ndi imene idatibweza kwathu, ndipo sindilola kuti ndiimirire n'kumaonerera akuidula ndi sowo. Ndatsimikiza mtima, tsiku limenelo iyenda.

Tsono ndiuzeni. Galimoto imene yagona miyezi yonseyi imadzutsidwa bwanji? Akazi a a Fernando andimvera chisoni, akuti angathe kumasula mtolo mwakachetechete amuna awo ali kudimba, n'kundibwereka makiyi tsiku limodzi. Ndivomere? Ndipo ndiulule chinthu chimodzi chimene sindinauze munthu. Ndikatha kutsuka ndimakhala pampando wanga wakumanzere. Wa a Goodwell ndimangoupukuta. Ukadali kumbuyo pamene adausiya, ndi dzenje lawo pakati, ndipo dzanja langa likafika pa kachitsulo kokokera mpandowo limabwerera lokha.

F. Z.,
Nsadzo, Chifunde

*

Mayi F. Z.,

Pa nkhuku zitatu zija ndaseka, pepani, koma pa zotsalazo sindinaseke. Pepani kwambiri ndi imfa ya a Goodwell. Munthu womvetsera injini mutu atapendeketsa ndimamudziwa, chifukwa ndisanayambe kuyankha makalata ndidayendetsapo magalimoto zaka zambiri. Ndiye ndikuuzani mosapsatira. Nduna siikufa chifukwa chotayidwa, ikufa ndi chikondi chanu. Mwaidwazika ngati munthu, kuifunditsa, kuidzoza mafuta, kuiikira chakudya pafupi. Galimoto siifuna zimenezo. Imafuna mphepo, ukhondo ndi kuyenda.

Tiyambe ndi makiyi. Akazi a a Fernando muwathokoze, koma mukane. Mtolo wa maliro ukamasulidwa mobisa nkhani siikhalitsa, ndipo ikadzatuluka, ngakhale Nduna itayenda bwanji, anthu adzati mudabera malemu. Mwana akadzatentha thupi m'banjamo chala chidzaloza inu. Pitani kwa a Fernando masana, a Boston alipo, mugwade monga mwa ulemu wake, muwafunse funso ili: a Goodwell akadasiya ng'ombe, kodi abale akadaitsekera m'khola miyezi isanu ndi inayi osadya msipu, podikira tsiku lometa? Jekete limadikira, chiweto sichidikira. Galimoto ili m'gulu la ziweto, imafa ikangoima. Apempheni kuti atulutse makiyi okhawo ndi dzanja lawo, aziwasunga iwo omwe, azibwera nawo pa masiku okonza n'kubwerera nawo madzulo. Mwambo sunathyoke pamenepo, ndipo mkulu amene adagamula mlandu mwanzeru chotere akumvetsani. Mbewa yamanyazi idafera kuuna, mayi. Akakana musakhumudwe, ntchito yambiri imene ndikuuzeniyi siifuna kiyi.

Lero lomwe chotsani tenti ija. Tenti yopsinjidwa mpaka pansi imachita thukuta mkati, ndipo thukuta limenelo ndi limene labweretsa chuku ndi dzimbiri. Mangani chisakasa cha udzu chopanda makoma, pamwamba pake pomwe yaimapo, kuti dzuwa ndi mame zisaifike koma mphepo izidutsa. Mbewu yonse ituluke, ngakhale njere imodzi isatsale pansi pa mpando. Mudaitana makoswe kuphwando, ndipo khoswe akakhuta mtedza amanolera mano pa mawaya. Tsegulani zitseko zonse masana kuti muume. Mipando muipukute ndi kansalu konyowa pang'ono ndi sopo wosalusa mpaka mafuta ophikira aja achoke, chifukwa amavunda n'kuitana nyerere. Ikauma, ipakeni polishi wa nsapato wopanda mtundu, pang'onopang'ono.

Kenaka mukwere njinga mupite pa Cassacatiza mukafune makaniko. Musatenge aliyense wonyamula sipanala. Funsani oyendetsa malole kuti injini ya dizilo ikawavuta amaitana ndani, ndipo dzina limene limveke katatu ndi lomwelo. Akabwera musapite kukaphika, imani pambali pake muzifunsa. Safunsa adadya phula. Chilichonse chimene wachotsa achiike m'manja mwanu, chifukwa zitsulo za galimoto ngati iyi zimasowa, ndipo pali anthu amene amachotsa chabwino n'kuikapo chotha.

Batire muyembekezere kuti lafa. Likatchajidwa n'kukana kusunga moto, pezani lina, palibe kuchitira mwina. Oyilo wakale akhetsedwe yense pamodzi ndi sefa yake. Thanki nayo ikhetsedwe, chifukwa dizilo akagona dzinja lonse pansi pake pamakhala madzi, ndipo madzi ndiwo mdani wamkulu wa injini yotere. Dizilo watsopano wa m'zigubu za pamsewu muzimusefa ndi nsalu yoyera musanathire. Madzi a kudambo aja atuluke mu ladiyeta, atsukemo matope, athiremo oyera. Makaniko ayang'ane chisa cha makoswe m'bokosi la sefa ya mpweya, atsate waya uliwonse ndi chala, afinye mapaipi a labala kuti aone ngati auma, aonenso lamba wa injini. Matayala ophwawo akwezedwe pa jeke, apopedwe, ndipo ngati m'mbali mwang'aluka musawakhulupirire.

Tsono mverani apa. Kiyi asapotokoledwe makaniko asanazungulitse injini ndi dzanja, ndi sipanala, kuti amve ngati ikutembenuka bwino. Padzapezeka anthu okoma mtima odzipereka kukankha, kapena wina adzati ng'ombe za a Boston ziikoke kuti ilire msanga. Akanizeni. Injini youma ikadzidzimutsidwa imathyoka mkati, ndipo zikatero mwawapatsa a Boston ngolo ndi manja anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikalira, isiyeni ilire yokha pang'onopang'ono, inu maso ali pa wotchi ya kutentha ndi pansi ngati pakudontha kanthu.

Kulira kwa injini kusakusangalatseni n'kuiwala mabuleki. Mafuta ake asinthidwe, ndipo muwayese pabwalo lopanda anthu kambirimbiri musanalowe mumsewu. Ngati a Fernando alola makiyi, muziyendetsa pabwalo lomwelo masiku angapo, iwo atakhala kumbuyo ngati nduna yeniyeni. Manja anu nawo agona nthawi yaitali. Tsiku lometa lisakhale tsiku loyamba.

Za a Boston, musawasandutse mdani, chifukwa akufuna chinthu chabwino. Makaniko akagona pansi pa galimoto, aitaneni nawonso agone aone. Magalimoto ambiri a mabwana alibe ekiselo imodzi yowongoka kumbuyo ngati ya lole, tayala lililonse limadziyendera palokha kuti bwana asagwedezeke. Ngati Nduna ili choncho, ngolo yake ikhala yovuta kupanga ndiponso yosalimba, ndipo a Boston adzaona okha kuti akadadula galimoto yonse pachabe. Makaniko yemweyo angadziwe kumene kuli ekiselo ya galimoto yonyamula katundu imene idafa kale. Thandizani alamu anu kuifuna. Mudzi ukufunika zonse ziwiri, ngolo ya chimanga ndi galimoto ya odwala.

Ndikuuzeninso chimene simudafunse. Walira mvula walira matope. Ikakhala yanu, Nduna idzafuna kuyenda mlungu uliwonse, kuyezedwa oyilo m'mawa monga ankachitira a Goodwell, ndi kumvetseredwa. Mimba yake ndi yotsika, adaipangira misewu ya tala, ndiye pa miyala muziyenda ngati mwasenza madzi, ndipo mvula ikakula mitsinje muisiye. Mukaonetse mapepala ake kwa akuluakulu a pachipata kuti akuuzeni zoyenera kusintha, inunso mukhale ndi chiphaso choyendetsera. Musapatuke pa mkwaso wa matayala a anzanu pofuna kulambalala matope, chifukwa m'mbali mwa misewu yathu ina mukadali mabomba okwiriridwa. Ndipo ngati makaniko woona mtima atakuuzani kuti injini idagwirana moti singatembenuke, mudzalire, kenaka mudzavomere. Koma galimoto imene idasamalidwa ndi munthu ngati a Goodwell, miyezi isanu ndi inayi siyiipha. Ine ndikuti iyenda.

Chenjezo langa lomaliza ndi la mpando uja. Ndamva zimene mwaulula, ndipo sindikuziona mopepuka. Koma kuchokera pamene a Goodwell adausiya, phazi lanu silingaponde buleki mpaka pansi. Tsiku limenelo panjira ya kutchalitchi padzadzaza anthu, ana akuthamangira kutsogolo, ndipo mukadzayendetsa mukunyanyamphira chifukwa choopa kusuntha mpando, mudzavulaza mwana wa mnzanu. Musadikire kuti mudzachite zimenezi anthu akuonerera. Mawa m'mawa, muli nokha, lowani chitseko chakumanja, mukhale m'dzenje lawolo, mulire mmene mungafunire. Mukatha, gwirani kachitsulo kaja mukoke mpaka mapazi afike. Pabwalo la ku Katete ankakukokerani ndi iwo, ndipo sikuti ankakokera kuti mudzakhale kumanzere moyo wanu wonse.

Aphungu